Mwendo wa Nkhumba ya Apongozi

Anthu akandifunsa kuti ku Joni ndinkagwira ntchito yanji, ndimawauza mosabisa kuti ndinkasambitsa nkhumba. Ena amaseka, ena amandimvera chisoni ngati ndawauza uthenga wa maliro. Ine sindidandaula. Ndimadziwa chimene ndinabwera nacho, ndipo sichinali m'sutikesi.

Kwathu ndi kufupi ndi Nathenje, koma ndinakwatira kuseri kwa Mitundu, ndipo ndinkakhala chikamwini kwa mkazi wanga Nambewe. Malo amene tinamangapo nyumba anali a mayi ake. Munda unali wa mayi ake. Ngakhale mtengo wa mango umene ndinkapumira pansi pake unali wa mayi ake. Apongozi angawo anali mayi wamasiye, wamfupi, wolimbikira ntchito, woweta nkhumba zakuda zija zazifupi miyendo, ndipo pakamwa pawo mudzi wonse unkapaopa. Ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu, iwo n'kuyang'ana kumbali. Mawu onse ankadzera mwa Nambewe. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo ndinkausunga ndi mtima wonse.

Titangovotera zipani zambiri, mapasipoti anayamba kupezeka kwa anthu wamba ngati ife. Chaka chimenecho fodya anatigwiritsa fuwa lamoto, ndipo mwana wathu Esinati anali atangoyamba kukwawa. Ndinagulitsa njinga, ndinatsanzikana ndi Nambewe pa siteji ya Mitundu, ndinakwera. Za ulendowo ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete, ndi miyendo yotupa, ndi mbatata yowotcha imene ndinaidya mpaka makoko.

Ntchito anandipezera ndi Filipo, mnyamata wa ku Angonia. Anandimva ndikutukwana m'Chichewa pa siteshoni chikwama changa chitang'ambika, iye n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achimwene, kutukwana kotereku ndi kwa ku Lilongwe," anatero. "Nkhumba mumaziopa?"

"Ndiope ndiwo?"

"Tiyeni, koma kumene tikupitako si ndiwo ayi. Ndi mabwana."

Sananame. Inali famu yofufuzira matenda a nkhumba, kutali ndi tauni, yozunguliridwa ndi mipanda iwiri. Polowa unkavula zonse, kusamba, kuvala ovolosi ndi jombo za komweko. Potuluka kusambanso. Pakhomo la khola lililonse panali beseni la madzi a mankhwala loviikamo jombo. Ine amene kwathu ndinkasamba kamodzi patsiku, ndinayamba kusambira nkhumba kanayi. Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda cha malata, ndipo m'mwezi wa Juni madzi ankaundana m'mpope chifukwa cha kuzizira. Kutauni tinkayenda moyang'ana uku ndi uku, chifukwa apolisi akangomva kayankhulidwe kako ankafuna mapepala.

Vuto langa linali pakamwa ndi m'maso. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndipo kumeneko zonse zinali m'Chingerezi ndi m'Chibunu. Kapitawo akayankhula ndinkangogwedeza mutu. Akakweza mawu ndinkagwedeza kwambiri. Paja amati safunsa anadya phula.

Phula langa ndinalidya mwezi wachiwiri. Ndinali nditakolopa m'khola la nkhumba zodwala chifuwa, ndiye pofuna kufupikitsa njira ndinadutsa ndi wilibala yanga m'nyumba ya nkhumba zoyamwitsa. Pachitseko panali chikwangwani chofiira. Ndinachiona bwinobwino, koma kwa ine chinali ngati maluwa. Patangotha masiku ochepa tiana tinayamba kutsokomola, ndipo tisanu tinafa. Kapitawo ananditengera ku ofesi atandigwira pamkono, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wobwerera kwathu kudzera ku Tete wayandikira.

Mu ofesimo munali dokotala wa ziweto, mayi wachizungu wowonda, amene ife tinkamutcha Namagalasi. Anamvetsera kapitawo mpaka anamaliza, kenako anaitanitsa Filipo kuti amasulire.

"Akufunsa kuti kodi alipo anakuuzani malamulo a pano m'chiyankhulo chimene mumamva?"

"Palibe."

"Akuti nanga n'chifukwa chiyani simunanene kuti simukumva?"

"Uwauze kuti ndinkaopa kuchotsedwa ntchito."

Mayi uja anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Tsiku lotsatira, nthawi ya chakudya chamasana, ndinampeza akundidikira pansi pa mtengo ali ndi kope, pensulo ndi timakatoni todula. Kudzera mwa Filipo anandiuza kuti tizisinthana: iye andipatsa mawu amodzi a Chingerezi, ine ndimpatsa amodzi a Chichewa. Anati safuna kundiphunzitsa ngati mwana, akufuna malonda.

Timakatoni tija anatimangirira paliponse: pa fosholo, pa ndowa, pa chitseko, pa firiji yosungiramo magazi. Mbali ina mawu ake, mbali ina mawu anga. Ine ndinkapunthwa pa mawu ake, iye ankapunthwa pa anga, ndipo Filipo ankatiseka tonse awiri. Moni wake unali wokhota moti nkhuku ikanathawa, koma sankachita manyazi. Ndi iye amene anandichotsa manyazi. Anandiuza kuti ndikapanda kumva ndizikweza dzanja n'kunena kuti bwerezani, ngakhale kwa kapitawo. Tsiku limene ndinachita zimenezo koyamba kapitawo anabwerezadi, ndipo kumwamba sikunagwe.

Chaka chisanathe ndinalemba ndekha kalata yopita kwa Nambewe. Poyamba ankandilembera Filipo, ndipo pali mawu ena amene mwamuna sangauze mnzake kuti alembe. Kalatayo inali yokhotakhota, koma inali yanga. Nambewe akadali nayo m'chitini cha singano.

Nditadziwa kuwerenga anandichotsa pa wilibala. Nkhumba iliyonse kumeneko inali ndi ndolo ya nambala kukhutu, ndipo munali buku lalikulu lonena kuti mayi wake ndi uyu, bambo wake ndi uyu, agogo ake ndi awa. Ife Achewa timatsata kuchikazi, koma nkhumba zija ankazitsata kuwiri konse. Ankafuna kudziwa kuti ndi mtundu uti umabereka ana ambiri, ndi uti umapirira chifuwa, ndi uti umafooka msanga, ndiponso ngati kupirirako kumapita kwa ana. Ntchito yanga inali kugwira nkhumba potenga magazi, kuwerenga nambala mokweza, ndi kuilemba pa kabotolo. Ukaphonya nambala imodzi wawononga ntchito ya miyezi. Ine sindinaphonyepo, ndipo ndimanena zimenezi monyada. Pamenepo ndi pamene ndinazindikiranso chifukwa chake nkhumba za kwathu zinkabereka tiana tonyentchera: yamphongo imodzi yomweyo inkakwera mayi wake, alongo ake ndi ana ake.

Tsiku lina Namagalasi anatitenga kutchire kukakumba m'maenje a njiri. Tinkasefa dothi, ndipo m'sefa munatsala tizilombo tathyathyathya totuwa. Ndinaseka.

"Izi ndi nkhufi," ndinatero. "Kwathu zimakhala m'ming'alu ya mitengo ya khola. Masana simungazione."

"M'khola la nkhumba zoweta?" anafunsa, maso ali tong'o.

Anandikhazika pansi pomwepo n'kundifunsa mafunso mpaka tiyi wake anazizira. Makola athu timamanga bwanji, nkhumba timazitsekula liti, zikayamba kufa timatani. Ine, wosambitsa nkhumba wa Sitandade 2, ndinali kuphunzitsa dokotala, iye akulemba. Anandifotokozera kuti nkhufi zimasunga chigodola kwa nthawi yaitali, nthenda ija imene imasesa makola kwathu. Pambuyo pake ndinayenda naye kumafamu kumene nthendayo inagwa, ndikumugwirira mpeni potumbula zakufa. Anandionetsa makutu ofiirira, timadontho ta magazi pa impso, ndi kapamba wotupa, wakuda bii. Tikabwerako ankatiletsa kuyandikira nkhumba zathu kwa masiku angapo.

Mawu ake amodzi anawanena m'Chichewa chake chokhota chija, ndipo sindinawaiwale: "Chigodola chilibe mankhwala. Chimayenda ndi phazi, ndi mpeni, ndi nyama."

Zowawa zinalipo. Bambo anga anamwalira ku Nathenje, kalata n'kundipeza atagona kale m'manda milungu itatu. Filipo anandigwirira ntchito tsiku limenelo, ine nditakhala kuseri kwa nyumba ya zakudya. Koma malata ndinatumiza, mabulangete ndinatumiza, ndipo apongozi ndinawatumizira shawelo yaubweya kudzera kwa dalaivala wa thiraki.

Nditabwerera, Esinati anabisala kumbuyo kwa mayi ake n'kufunsa kuti mlendoyu apita liti. Mudzi unali utasintha. Aliyense anali ndi nsalu ya chipani ndi maganizo ake, ndipo palibe ankafuna kuuzidwa zochita. Nkhumba nazo zinali pa ufulu, zikungoyendayenda kuyambira kudambo mpaka kuseri kwa tchalitchi.

Ndinapempha malo kudzera mwa Nambewe, apongozi n'kundipatsa kumapeto kwa munda. Ndinamanga khola la njerwa, pansi pake pa simenti, ndi mpanda wa minga kuzungulira, ndi chipata chimodzi. Pachipatapo ndinaika beseni la madzi a mankhwala. Nkhumba ndinakagula kwa mlimi wina wa ku Likuni, zazikazi ziwiri, ndipo yamphongo ndinakaitenga kwina kuti zisakhale pachibale. Anthu anapeza choseka. Khola analitcha tchalitchi cha nkhumba, beseni analitcha ubatizo, ine ananditcha Dokotala Gaga. Wobwera kudzabwereka yamphongo ndinkamukaniza, ndipo anati ku Joni ndinakaphunzira umbombo. Zaka zanga zonse za kuzizira kuja zinali m'khola limenelo, ndipo pofika chilimwe chachiwiri munali nkhumba khumi ndi imodzi.

Chilimwe chimenecho nyama ya nkhumba inatsika mtengo pamsika wa Mitundu. Owotcha kanyenya anachuluka mwadzidzidzi, ndipo anthu ankasangalala. Koma ine ndinadziwa tanthauzo lake. Kwathu nkhumba ikasiya kudya sitidikira kuti ife yokha. Timaipha msanga, kugawira abale, yotsala kukagulitsa. Nyama ikatchipa, dziwani kuti makola akudwala.

Tsiku lina masana ndikukonza mpanda, ndinaona Nambewe akubwera atasenza beseni lovundikira ndi masamba a nthochi, nkhope ili mwee.

"Bambo a Esinati, tulani zimenezo muone. Amayi apha nkhumba yawo yaikulu ija, ndipo akupatsani mwendo wathunthu."

Mwendo! Zaka zonse za ukamwini wanga ndinkalandira timafupa ta m'nthiti. Mwendo unkapita kwa malume ake a Nambewe. Apa apongozi anali kunena pamaso pa mudzi wonse kuti mkamwini uyu ndi munthu. Ndinaufuna mwendo umenewo kuposa mmene ndinafunira malata.

"Ima pomwepo," ndinatero. "Usayandikire chipata. Aiphera chiyani?"

"Inangofooka pang'ono. Kuyambira dzana sinkadya."

"Makutu ake anali otani?"

Anatula beseni pansi, ine n'kufunsanso.

"Nanga kapamba unamuona?"

"Ndinamuona," anayankha motsitsa. "Anali wamkulu, wakuda. Koma bambo a Esinati, ndi amayi anga. Mukabweza nyamayi anthu anena kuti mukuwaganizira ufiti."

Ankanena zoona. Kwathu kukana chakudya cha munthu ndi kumuuza kuti wathiramo kanthu. Ndinayang'ana beseni, ndinayang'ana khola. Ntchentche zinali zitayamba kale kuzungulira masamba aja, ndipo galu wathu anali atakhala pafupi akunyambita milomo.

Ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinapita kwa apongozi, ndinaima m'mphepete mwa bwalo lawo, ndinagwada, ndipo ndinawayankhula ndekha. Pabwalopo panali amayi angapo akutsuka matumbo, ndi mlamu wanga akumangirira nyama pa njinga kuti apite nayo ku Mitundu. Onse anasiya zimene ankachita.

"Amayi, pepani ndalumpha mwambo. Mphatso yanu ndaiona, ndipo mwandilemekeza koposa. Koma nkhumba iyi yafa ndi chigodola. Munthu sadwala nacho, koma nkhumba iliyonse imene inunkhize magazi awa kapena madzi otsukira ifa. Ndikupempha, tiikwirire yonse. Isapite kumsika. Zotsalazo muzitsekere."

Apongozi sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa mwana wawo ngati ine panalibepo.

"Nambewe, uwauze amuna akowo kuti nkhumba ndinayamba kuweta iwo asanamere mano. Uwauze kuti ngati nyama ya m'manja mwanga ikuwanunkhira, njira ya ku Nathenje sinamere udzu."

Mlamu wanga anapalasa njinga n'kupita. Madzi otsukira matumbo anawataya kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndikuona ndi maso anga nkhumba za anthu atatu zinathamangira pomwepo.

Mwendo uja ndinakaukumbira dzenje kutali ndi khola, lofika m'chiuno. Ndinauwotcha, ndinathira phulusa, ndinakwirira, ndinasanjikapo miyala. Ndikukwirira misozi inatuluka, sindibisa. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mkamwini wa ku Nathenje waika maliro a nyama ya apongozi ake. Nditauza Nambewe kuti asambe, achape zovala, ndipo asayandikire khola kwa masiku angapo, anatenga Esinati n'kukagona kwa mayi ake.

Ankhoswe anabwera, anandikhazika pansi, anandiuza kuti ndikapepese ndi nkhuku ndipo ndichotse beseni lonyoza anthu lija. Ndinati nkhuku ndipereka ngakhale ziwiri, chifukwa kuyankhula ndi apongozi pamaso ndinalakwadi. Koma beseni silichoka. Wamkulu wawo anapukusa mutu n'kundikumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinayamba kuganiza za mmene ndingasamutsire nkhumba khumi ndi imodzi kupita ku Nathenje, ndiponso ngati Nambewe angandilondole.

Anabwerera tsiku lachisanu, m'mawa. Anasamba, anavala chitenje china, anaviika mapazi m'beseni, anatenga ndowa ya gaga.

"Za amayi zafa zinayi," anatero ali chopenya kumbali. "Inu khalani pachipata, ine ndizidyetsa."

Mwezi usanathe, m'mudzi munali zii. Munthu amene sanakhalepo m'mudzi wa nkhumba sangamvetse bata limenelo. Kudambo kunkanunkha, agalu ananenepa. Kuyambira kwathu mpaka kumidzi ya njira ya ku Malingunde makola anali pululu. Kumapeto kwa munda wa apongozi kokha ndi kumene kunkamveka kulira kwa nkhumba nthawi ya chakudya, ndipo kulirako kunkafika pakhomo lililonse. Ena anati ndinakhwima ku Joni. Ine sindinasangalale. Nkhumba zimene zinafazo zinali fizi ya ana, zinali feteleza, zinali bokosi la maliro. Apongozi anataya zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo shawelo ija anasiya kuifunda.

Mvula itayamba ndinatuma Nambewe kuti akapemphe chilolezo choti ndiwotche khola lawo lakale, chifukwa nkhufi zinali m'mitengo yake zikudikira nkhumba zatsopano. Yankho silinabwere. Chimanga chinamera, tinapalira, tinabandira, yankho osabwera. Tsiku lina tikuchokera kumunda, Nambewe anangoti:

"Amayi akuti machesi ali pamwamba pa nkhokwe."

Ndinaliwotcha tsiku lomwelo. Latsopano ndinalimanga pamalo ena, lokwera, la mitengo yosenda makungwa, ndipo linakhala lopanda kanthu mpaka titakolola. Kenako ndinatumiza mawu akuti pali tiana tiwiri toleka kuyamwa, kakakazi ndi kakamuna tosiyana mabanja, ndipo Nambewe atha kukatitula.

M'malo mwake anabwera okha. Ndinali m'kati mwa mpanda nditagwira tsache, ndipo nditadzutsa mutu ndinawaona ataima pachipata, shawelo ili paphewa. Beseni linali pakati pathu. Ndikawauza kuti aviike mapazi, ndayambanso mlandu. Ndikawasiya adutse, ndiye kuti mwendo uja ndinaukwirira pachabe.

Anayang'ana beseni nthawi yaitali. Kenako anakweza chitenje pang'ono, analowetsa phazi limodzi, analowetsa linalo, n'kuima momwemo ngati mwana wosewera m'chithaphwi.

"Bambo a Esinati," anatero, akundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo, "ubatizo wanuwu umatha nthawi yaitali bwanji? Madziwa akuzizira."

"Kwakwana, amayi. Lowani."

Anasankha okha tiana tawo, ndipo anasankha bwino kuposa mmene ndikanasankhira ine. Anagwira msana, anawerenga mawere, anayang'ana miyendo. Anandifunsa za nambala zimene ndinkalemba m'kope, ndipo nditawafotokozera anati nkhumba zawonso zilembedwe, asadzakwatitse munthu ndi mlongo wake. Pakhomo la khola lawo anaikapo mphika wakale wothiramo madzi a mankhwala, ndipo amene ankayesa kuulumpha ankakumana ndi pakamwa paja. Chimene ine ndinalephera ndi Chingerezi changa chonse, iwo anachitha ndi mawu awiri. Lero mukayenda m'mudzi mwathu mupeza mphika kapena beseni pa makola ambiri, ndipo anthu amati ndi nzeru za agogo a Esinati. Ine sinditsutsa.

Namagalasi ndinamulembera kalata yomuuza zonsezi, theka m'Chingerezi, theka m'Chichewa, monga mwa malonda athu. Filipo anayankha m'malo mwake kuti mayi uja anaiwerenga mokweza pansi pa mtengo uja, ndipo pa Chichewa sanapunthwe kwambiri.

Patapita zaka ziwiri, pa Khirisimasi, ndinaona Nambewe akubwera atasenza beseni lovundikira ndi masamba a nthochi. Anaima patali ndi chipata osauzidwa, anatula, anavundukula. Munali mwendo wathunthu, wonona, woyera bwino. Pamwamba pake, pa katsamba kakekake, apongozi anali ataikapo kapamba.

"Akuti muyambe mwayeza, a Dokotala," anatero Nambewe.

Ndinamutembenuza uku ndi uku. Anali wamng'ono, wosalala, wopanda banga. Mwendo umenewo ndinaudya mpaka fupa.